Mkaka watuluka koma mwana palibe

Anafika Lachiwiri m'mawa, tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera, koma sanakhale pabenchi ndi anzawo. Anali awiri: mayi wachikulire womanga duku mwamphamvu, ndi mtsikana wosakwana zaka 20, wozyolika, atafunda chitenje pachifuwa ngakhale kunja kunkatentha ndi dzuwa la Okutobala. Mayiyo anali azakhali ake. Moni wanga anauyankha mwachidule, kenaka anati: "Anesi, mumuyeze mwanayu. Atiuze komwe anataya mwana."

Mtsikanayo anali atatha miyezi isanu osapita kumwezi. Ndiye tsiku lina akuchapa pamjigo, anzake anaona bulauzi yake itanyowa pamawere. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utagamula kale mlandu: anali ndi pakati, ndipo wachotsa, kapena wabereka mobisa n'kutaya khanda. Ena anafika posuzumira m'zimbudzi ndi tochi. Amfumu anati nkhani isanapite kupolisi ayambe apita naye kuchipatala.

Ndisakunamizeni, amayi anzanga, nanenso mumtima ndinali nditamuweruza. Zimene ndikufuna kukuuzanizi ndinali nditaziphunzira m'kalasi, koma munthu akabwera ndi mlandu wophikaphika, za m'kalasi zimathawa. Tinamuyeza mkodzo, mimba panalibe. Chiberekero chinali chaching'ono, cha munthu amene sanaberekepo. Koma mkaka unalipo ndithu, m'mawere onse awiri. Yankho analipeza ndi adokotala amene tinali nawo tsikulo, ndipo analipeza m'kabuku kake ka kuchipatala. Chaka chapitacho mtsikanayo anadwala matenda a m'maganizo, ndipo kuyambira pamenepo ankamwa chlorpromazine usiku uliwonse.

Nanga mapiritsi a matenda a m'maganizo akugwirizana bwanji ndi mawere? Nkhani yake ili m'mutu. Ndikulembera inu chifukwa zinthu zoterezi zisanafike kwa ife anamwino zimayamba zadutsa kwa inu: ndinu azakhali, ndinu alangizi a atsikana ndi a mabanja, ndinu amene mumayendera odwala m'miphakati.

Nyakwawa yofanana ndi nzama

Ikani chala pakati pa maso anu, pamene mphuno imayambira. Chikadalowa molunjika cham'kati mwa mutu, chikadakhudza kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nzama, kolemera pafupifupi theka la galamu. Kamakhala m'kadzenje ka fupa ngati dzira m'chisa, ndipo kamalumikizana ndi kunsi kwa ubongo ndi kamkosi kopyapyala. Dzina lake ndi pituitary. Ntchito yake ndi kutulutsa mahomoni, timadzi timene timayenda m'magazi titanyamula uthenga wopita ku ziwalo zakutali. Pituitary ndiyo imauza chithokomiro kuti chigwire ntchito, imauza thumba la mazira la mayi kuti likhwimitse dzira, imauza machende a bambo kuti apange umuna, imauza mafupa a mwana kuti akule.

Ophunzira anga kukoleji amakonda kuitchula mfumu ya ziwalo zonse zotulutsa mahomoni. Ine ndimawauza kuti ayi, imeneyi ndi nyakwawa. Anthu amaiona ikulamula, koma mawu imakawatenga kwa amfumu. Amfumuwo ndi mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus, imene ili pamwamba pake penipeni. M'kamkosi kaja muli timitsempha ta magazi tating'onoting'ono, ndipo uthenga wa amfumu umatsika m'menemo.

Mahomoni ambiri a pituitary ali ngati ng'ombe za pangolo: sizinyamuka mpaka mwini wake atazikuwira. Uthenga wochoka kumwamba umakhala wakuti "yamba". Koma pali homoni imodzi yosiyana ndi inzake, yotchedwa prolactin, imene imapangitsa mawere kupanga mkaka. Prolactin ndi mbuzi ya m'nyengo ya dzinja. Safuna womukuwira. Mukangomusiya, walowa kale m'munda. Choncho ubongo umachita kumumanga chingwe, ndipo chingwe chakecho ndi dopamine.

Dopamine amapangidwa ndi maselo a mu hypothalamus, amathiridwa m'timitsempha tija, n'kutsikira ku pituitary kukauza maselo opanga prolactin kuti "imani". Amatero usana ndi usiku, mwa ine, mwa inu, mwa agogo, mwa mtsikana wa kusukulu, ngakhale mwa amuna athu. Umboni wake timauona munthu akavulala m'mutu kamkosi kaja n'kuduka, kapena chotupa chikakapana. Mahomoni ena onse amatsika poti palibe wowakuwira, koma prolactin yekha amakwera poti chingwe chaduka. Chinanso chondisangalatsa n'chakuti prolactin akachuluka m'magazi amabwerera ku ubongo n'kuuchititsa kuti uwonjezere dopamine. Mbuzi ikamakoka, mfundo imalimba.

Amene mumaweta nkhunda munaonapo mmene zimadyetsera maunda ongoswedwa kumene. Zimawalavulira m'kamwa zinthu zoyera zonga chambiko, ndipo yaimuna yomwe imatero. Zoyerazo zimapangidwa ndi mphamvu ya prolactin, ndipo wasayansi wa ku America, Oscar Riddle, amene anapatsa homoniyi dzina lake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ankagwiritsa ntchito nkhunda pa kafukufuku wake. Prolactin wa munthu anachedwa kudziwika payekha. Zinatheka cha m'ma 1970, ndipo pa ntchito imeneyi pamatchulidwa kwambiri Henry Friesen wa ku Canada. Dopamine naye ali ndi mwini nkhani, Arvid Carlsson wa ku Sweden, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anaonetsa kuti dopamine ndi mthenga wa mu ubongo, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2000.

Mwina ana anu anakuuzaniko kuti dopamine ndi amene amachititsa munthu kulakalaka zinthu, kaya mowa, kaya foni. N'zoona pang'ono, koma ameneyo ndi dopamine wa mbali ina ya ubongo. Palinso wa mbali imene imayendetsa manja ndi miyendo, ndipo akachepa munthu amanjenjemera ndi kuuma thupi, matenda otchedwa Parkinson. Mthenga ndi mmodzi, misewu ndiyo yambiri. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Mwana amamasula yekha chingwe

Mayi akaima, mahomoni a mimba amachulukitsa maselo opanga prolactin, moti pituitary imakula, ndipo pofika mwezi wobereka prolactin amakhala atawirikiza kakhumi kapena kuposa. Komabe mkaka suyenderera, chifukwa nsengwa imatulutsa homoni ina, progesterone, imene imaugwira. Nsengwa ikatuluka progesterone amatsika msanga, ndipo patsiku lachiwiri kapena lachitatu mawere amadzaza. Masiku oyambawo kumatuluka mkaka wochepa wachikasu uja, umene ndi katemera woyamba wa mwana ndipo suyenera kutayidwa. N'chifukwa chakenso ife azamba timaitembenuzatembenuza nsengwa kuona ngati yatuluka yonse. Kachidutswa kotsalira m'chiberekero kamataya magazi, komanso kangachedwetse mkaka.

Kuyambira pamenepo udindo umakhala wa mwana. Akagwira nsonga ya bere n'kuyamba kuyamwa, mitsempha imatumiza uthenga ku ubongo, dopamine amachepa, ndipo m'mphindi zochepa prolactin amakwera. Prolactin ameneyo akukonza mkaka wa ulendo wotsatira. Mwana amene akuyamwa tsopano akuitanitsa chakudya cha madzulo. Akayamwa pafupipafupi chingwe chimakhala chomasuka. Mukayamba kumupatsa madzi, tiyi kapena phala lamadzimadzi ali ndi miyezi iwiri, amakhuta zimenezo, amayamwa pang'ono, dopamine amabwerera pamalo pake, mkaka n'kuchepa. Ndiye apongozi amati: "Mwaona, ndinanena ine kuti mkaka wake ndi wochepa." Chonsecho auchepetsa ndi iwo omwe ndi kasupuni kawo.

Usiku ndiye nthawi imene prolactin amatuluka wambiri. Mayi amene akuyamwitsa usiku akulimbitsa mkaka wa tsiku lonse. Ndikudziwa kuti tulo timapweteka, ndinayamwitsapo ana anga ndikugwiranso ntchito ya usiku. Koma ngati pali ntchito yomuchotsera mayi wa khanda, muchotsereni yotunga madzi ndi yophika, osati yoyamwitsa.

Prolactin akakwera sathera kumawere. Amatsekanso uthenga umene ubongo umatumiza kuti dzira likhwime, ndipo popanda dzira msambo subwera. Apa ndi pamene pagona njira yachilengedwe yolera poyamwitsa, imene akatswiri anagwirizana mfundo zake pa msonkhano wa ku Bellagio, m'dziko la Italy, mu 1988. Imateteza amayi oposa 98 pa 100 alionse, koma pokhapokha zinthu zitatu zikhalepo nthawi imodzi: mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku popanda chakudya china chilichonse, ndipo mayi sanayambirenso kusamba. Masana pasadutse maola 4 mwana osayamwa, usiku pasadutse maola 6. Chimodzi chikangosowa, musadalirenso. Ndalandirapo amayi ambiri kusikelo, wina ali kumsana wa miyezi 10, akudabwa kuti zatheka bwanji poti "ndimayamwitsa". Dzira limatha kutuluka msambo woyamba usanaoneke.

Chingwe chikamasuka nthawi yolakwika

Tibwerere kwa mtsikana uja. Mankhwala ambiri a matenda a m'maganizo, monga chlorpromazine, haloperidol, risperidone, ndi jakisoni wa fluphenazine amene ena amabayitsa mwezi ndi mwezi, amagwira ntchito potsekereza dopamine. Pa msewu wa maganizo zimenezi zimathandiza: mawu amene munthu ankamva amaleka, mantha amachepa, tulo timabwera. Koma piritsi silisankha msewu. Limakatsekanso dopamine wopita ku pituitary, prolactin n'kukwera, msambo n'kuima, mkaka n'kutuluka. Pa msewu wa manja ndi miyendo n'chimodzimodzi, n'chifukwa chake ena omwa mankhwalawa amanjenjemera kapena kuyenda mouma.

Si mankhwala a m'maganizo okha. Metoclopramide, amene timapereka kwa munthu wosanza, amatsekereza dopamine. Methyldopa, amene amayi ambiri oyembekezera amamwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, nayenso amakweza prolactin.

Pano ndikupempheni chinthu chimodzi mogwada. Mukaona zoterezi mwa m'bale wanu, musamuuze kuti asiye mankhwala. Mkaka pabulauzi ndi wochititsa manyazi, koma matenda a m'maganizo akabwerera munthu angathe kudzivulaza kapena kusowa. Pitani naye kumene amalandira mankhwalawo, kaya ndi kuchipatala cha boma lanu, ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, mukafotokoze. Iwo amadziwa kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu. Odwala ambiri sanena okha, makamaka adokotala akakhala aamuna. Amangosiya mapiritsi mwakachetechete, abale n'kumati ndi mwano.

Chifukwa china ndi chotupa cha mu pituitary momwemo, chotchedwa prolactinoma. Mawu akuti chotupa cha m'mutu amaopsa, koma imvani bwino: pafupifupi nthawi zonse chimenechi si khansa, sichifalikira m'thupi, ndipo mwa amayi ambiri chimakhala chosakwana sentimita imodzi. Ndi maselo opanga prolactin amene achulukana mpaka dopamine wa m'thupi kulephera kuwagwira. Mbuzi zaswana, chingwe ndi chimodzi.

Mayi wa vuto limeneli nthawi zambiri sabwera kuchipatala chifukwa cha mkaka. Amabwera chifukwa cha mwana amene sakubwera. Msambo umadumphadumpha kapena kusiyiratu, chilakolako cha mwamuna chimachepa, kumaliseche kumauma moti kukhala malo amodzi kumapweteka. Amene amatsata njira zachilengedwe poona chikazi amadabwa kuti miyezi ikungodutsa osaona chikazi chotanuka cha masiku a dzira. Mkaka pena umangotuluka kadontho akafinya, pena sutuluka n'komwe. Pofika kwa ife amakhala atazungulira kwa asing'anga, atamwa mitsitsi yowawa, akuchimuna atayamba kale kunong'oneza mwana wawo kuti apeze wina. Zikakhalitsa zaka, mafupa amafooka ngati a mayi wosiya kusamba.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mwa zifukwa zonse za kusabereka, ichi ndi chimodzi mwa zosavuta kuchiza. Mankhwala ake ndi mapiritsi amene amachita zimene dopamine amachita. Bromocriptine amamwa tsiku ndi tsiku, cabergoline kamodzi kapena kawiri pa sabata. Prolactin amatsika, chotupa chimafota, ndipo mwa amayi ambiri msambo ndi dzira zimabwerera. Opaleshoni imafunika mwa ochepa okha. Masiku oyamba mapiritsiwa amachititsa nseru ndi chizungulire, choncho timayamba ndi mlingo wochepa, kumwa usiku pogona munthu atadya. Mimba ingabwere msanga, ngakhale msambo usanaoneke, ndipo mayi akangodziwa kuti waima auze adokotala kuti aone zochita ndi mankhwalawo.

Abambo nawonso amadwala. Mwa iwo mulibe msambo woti uwachenjeze, ndiye amangoona mphamvu za kuchipinda zikutha, n'kukhala chete kapena kumagula mankhwala a pamsika. N'chifukwa chake abambo amakonda kupezeka chotupa chitakula. Pamwamba pa pituitary pamadutsa mitsempha ya maso, ndipo chotupa chachikulu chikaikankha munthu amayamba kusaona za m'mbali. Kutsogolo akuona bwinobwino, koma amagunda mafelemu a zitseko, njinga yochokera m'mbali amangoizindikira itamufika. Mutu wosatha pamodzi ndi maso otere, mwa bambo kapena mayi, si zodikira kuti tikolole kaye.

Chithokomiro chikafooka, ubongo umachikuwira kwambiri, ndipo kukuwako kumadzutsanso prolactin. Munthu wotero amatopa, amamva kuzizira anzake akumva kutentha, amanenepa, khungu limauma. Akalandira mankhwala a chithokomiro za mkaka zimatha zokha. Matenda a impso okhalitsa nawonso amakweza prolactin.

Kuchipatala tidzayamba ndi kuyeza mimba, ndipo musakhumudwe nazo, timatero ndi aliyense amene msambo waima. Tidzafunsa mankhwala onse amene munthu akumwa, choncho tengani kabuku ndi mapaketi omwe. Kuyeza prolactin ndi chithokomiro m'magazi sikuchitika pa chipatala chaching'ono chilichonse, mwina adzakutumizani ku chipatala chachikulu, ndipo kujambula m'mutu kumabwera pambuyo ngati magazi aonetsa kuti n'kofunika. Ulendo wake umadya ndalama. Ngati bungwe lanu lili ndi thumba lothandiza odwala, mayi wofuna thiransipoti yokayezetsa magazi amenewa muzimuwerengera ngati wodwala, ngakhale akuoneka wathanzi ndipo akulima.

Sikuti dontho lililonse ndi matenda. Mayi amene waletsa mwana kuyamwa angathe kumaona timkaka kwa miyezi yambiri, makamaka akamafinyafinya kuti aone ngati tilipobe. Kufinyako ubongo umakumva ngati mwana akuyamwa. Siyani bere lipume. Koma zotuluka m'bere limodzi lokha, zosakanikirana ndi magazi, kapena bere lokhala ndi chotupa, kapena nsonga yolowa m'kati mwatsopano, imeneyo ndi nkhani ina, si ya dopamine, ndipo ikufunika kuyezetsa khansa ya m'mawere mwamsanga.

Makanda ena, aamuna ndi aakazi omwe, amatupa timawere masiku oyamba n'kumatulutsa timkaka. Ndi mahomoni a mayi amene akutha m'thupi mwa mwana, ndipo zimaphwa zokha pakapita milungu ingapo. Agogo, chonde manja anu akhale kutali. Timawere tofinyidwa timachita mafinya, ndipo ndaperekezapo makanda kokang'ambidwa chifukwa cha zimenezi.

Pali mayi mmodzi amene timamuiwala kawirikawiri, amene mwana wake wapitirira kapena wamwalira atangobadwa. Thupi lake silidziwa za malirowo. Nsengwa yatuluka, prolactin ali pamwamba, ndipo patsiku lachitatu, anthu atabalalika, mawere amadzaza n'kuyamba kuwawa. Inu amene mumakagona naye m'nyumba, muuzeni zisanachitike kuti asadzidzimuke. Avale kamisolo kogwira bwino, aike nsalu yozizira, amwe panado, ndipo asakame kupatula pang'ono pochepetsa ululu, chifukwa kukama kumaitana wina. Popanda woyamwa, dopamine amabwerera yekha ndipo mkaka umauma pakapita masiku. Kumene cabergoline alipo, adokotala angathe kumupatsa atangobereka kuti mkaka usabwere, atayamba aona kuthamanga kwa magazi ake. Bere likafiira, thupi n'kutentha, abwere kuchipatala.

Mtsikana uja tinamulembera kalata yopita kwa amene ankamupatsa mankhwala, ndi ina yachidule yopita kwa amfumu yonena kuti sanakhalepo ndi pakati. Azakhali ake ndinakhala nawo pansi nthawi yaitali, ndikujambula mutu, nzama ndi chingwe kuseri kwa pepala la sikelo. Anamvetsera osayankha. Pomaliza anangofunsa kuti: "Ndiye mankhwalawo asiye?" Ndinati ayi. Anapinda pepalalo n'kulimanga pamfundo ya chitenje.

Anamusinthira mankhwala. Patapita miyezi itatu anabwera yekha kudzandiuza kuti mkaka unauma ndipo wasamba kawiri. Ndinamufunsa ngati anabwerera kukwaya kumene ankaimba. Anati ayi, anasamukira kwa achemwali ake kutauni, poti pamjigo anthu anali asanaleke kumuyang'ana pachifuwa.